Kulima maluwa a tulip ku Thyolo ndi ku Mulanje: ntchito imayambira m'firiji

Tulip ndi duwa la kumayiko a chisanu. Amene angakuuzeni kuti mungokwirira m'dothi n'kudikira, akufuna ndalama zanu basi. Komabe kuno kwathu limatheka, ndipo ife a ku Thyolo ndi ku Mulanje tili ndi mwayi umene anzathu a ku Nchalo kapena ku Mangochi alibe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kuno kumazizira ndithu. Chiperoni chikagwa dzuwa limatha masiku osaoneka, ndipo kumtunda monga ku Bvumbwe, usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika kufika cha m'ma madigiri 10 mpaka 13. Nyengo imeneyi ndi yokwanira kuti tulip akule ndi kumasula maluwa. Koma payokha siyokwanira kumudzutsa.

Chimene timabzala si njere. Ndi mutu wooneka ngati anyezi, wa khungu lofiirira, wosongoka pamwamba. M'kati mwa mutuwo muli kale kaduwa kakang'ono pamodzi ndi chakudya chake chonse. Kuti kaduwako katuluke pa phesi lalitali, mutu uyenera kugona milungu yambiri pamalo ozizira pakati pa madigiri 2 ndi 9. Dothi la pakhomo pathu silifika pamenepo ngakhale mu Julayi. Ndiye chisanu chimene kumayiko ena chimabwera chokha, kuno chimachokera m'firiji. Ngati mulibe firiji ndipo palibe pamene mungabwereke malo, musataye ndalama pa mitu ya tulip; kumapetoku ndatchula maluwa ena osavuta.

Kumene anachokera, ndi chifukwa chake amafuna chisanu

Ambiri akamva za tulip amaganiza za Netherlands, koma kwawo kwenikweni ndi kumapiri a pakati pa Asia, monga Tien Shan ndi Pamir, m'mayiko a Kazakhstan, Kyrgyzstan ndi Tajikistan. Kumeneko nthaka imakhala yokutidwa ndi chipale chofewa kwa miyezi, kenako kumabwera kanthawi kochepa ka chinyezi ndi kutentha pang'ono, kenako dzuwa louma lowotcha. Tulip anazolowera zimenezi: amagona pansi nthawi ya dzuwa, amazika mizu kukayamba kuzizira, amathamanga kumera ndi kumasula chipale chikangosungunuka, n'kubwereranso pansi. Malangizo onse ali m'munsimu akungoyesa kutsanzira kalendala imeneyi. Onaninso kuti kwawoko nthawi imene mutu uli m'tulo dothi limakhala louma. Kuno nthawi yomweyo ndi ya mvula ya dzinja, ndipo ku Mulanje tonse tikudziwa mmene imagwera.

Anthu a ku Persia ndi a ku Turkey ndi amene anayamba kuwalima m'minda. Mafumu a ufumu wa Ottoman ankawakonda kwambiri moti zaka za kuyambira 1718 mpaka 1730, mu ulamuliro wa Sultan Ahmed III, zimadziwika mpaka lero kuti nyengo ya tulip. Ku Ulaya anafika m'zaka za m'ma 1500. Katswiri wa zomera Conrad Gessner anaona tulip atamasula mu mzinda wa Augsburg ku Germany mu 1559, ndipo katswiri wina, Carolus Clusius, atasamukira ku Leiden m'dziko la Netherlands mu 1593 anabzala mitu yake m'munda wa yunivesite ya kumeneko. Maluwawo anatuluka mu 1594, ndipo sipanapite nthawi akuba anayamba kulowa m'mundamo usiku.

Chimene chinasokoneza anthu mitu ku Netherlands chinali maluwa amawangamawanga, oyera okhala ndi mizere yofiira yonga malawi, monga wotchuka uja Semper Augustus. Kuyambira cha mu 1634 mitengo inakwera mopanda nzeru. Anthu ankagulitsana mitu imene inali ikadali pansi, pa pepala chabe, ndipo mutu umodzi wosowa unkatha kuposa malipiro a zaka zingapo a mmisiri waluso. Kumayambiriro kwa Febuluwale 1637, ku Haarlem, ogula anangosowa, mitengo n'kugwa. Akatswiri a mbiri yakale a masiku ano amati nkhaniyi inakokomezedwa, chuma cha dziko sichinagwe monga amanenera ena. Kwa ife olima, chofunika ndi ichi: mawanga amene ankalimbiranawo anali matenda. Mu 1928 Dorothy Cayley wa ku England anasonyeza kuti amafala kuchoka pa mutu wina kupita pa wina, ndipo zinadziwika kuti ndi kachilombo kamene nsabwe za m'masamba zimanyamula. Ndiye mukabzala tulip wofiira yekhayekha n'kuona wina watuluka ndi mizere, musanyadire. Zulani.

Lero Netherlands ndiyo imalima mitu yambiri padziko lonse, ndipo munda wa Keukenhof ku Lisse, umene unatsegulidwa mu 1950, amabzalamo mitu ya maluwa pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse. Zithunzi zambiri zimene zimazungulira pa Facebook ndi pa WhatsApp n'za kumeneko kapena m'minda yoyandikana nawo. Musayembekezere zoterozo pakhomo panu. Miphika itatu kapena inayi yomasula bwino pakhonde mu Ogasiti, imeneyo ndiyo mphoto ya kuno.

Mitundu yoyenera kufunsa

Mitundu yolembedwa m'kaundula ndi yoposa 3,000, ndipo alimi anaigawa m'magulu pafupifupi 15 potengera maonekedwe a duwa ndi nthawi yomasulira. Kwa ife magulu ofunika ndi ochepa.

Woyamba kumene ayambe ndi gulu la Darwin Hybrid. Mitu yake ndi ikuluikulu, phesi ndi lolimba, duwa ndi lalikulu, ndipo amapirira kutentha pang'ono kuposa anzake. Apeldoorn ndi wofiira, Golden Apeldoorn wachikasu, Pink Impression wapinki. Kumayiko ozizira amatalika masentimita 50 mpaka 60. Kuno akafika 35 kapena 40, mwachita bwino. Gulu lachiwiri ndi Single Late, limene olima kumadera ofunda amalikhulupiriranso: Menton wapinki wopita ku lalanje, Maureen woyera, ndi Queen of Night amene ogulitsa amati ndi wakuda pomwe ndi wofiira woderako kwambiri. Gulu la Triumph, monga Strong Gold ndi Negrita, ndi lofupikirapo ndipo limakhala bwino mumphika.

Pali ena okongola kwambiri pa chithunzi amene ine sindingakulimbikitseni poyamba. A Parrot, a timasamba topiringizika, ndi a Double Late monga Angélique, ali ndi maluwa olemera osunga madzi. Mvula yowaza ya chiperoni ikawanyowetsa masiku awiri, amawerama n'kuyamba kuola. Muwasiye kaye mpaka mutaona mmene pakhomo panu pamakhalira.

Mukapeza mitundu ing'onoing'ono yakutchire, makamaka Tulipa clusiana ndi Tulipa saxatilis wa ku chilumba cha Crete, gulani. Maluwa ake ndi aang'ono, koma safuna chisanu chochuluka ngati akuluakulu aja, ndipo ndi okhawo amene ali ndi mwayi weniweni wobwereza chaka chamawa.

Tulip wabuluu weniweni kulibe. Zithunzi zimene mumaona n'zopaka utoto pa kompyuta. Chimodzimodzi ogulitsa "njere za tulip" pa intaneti: ngakhale zitakhala zenizeni, kuchoka pa njere kufika pa duwa zimatenga zaka 5 mpaka 7, ndiponso m'dziko lozizira.

Choyamba: gulani pa nthawi yake

Apa ndi pamene ambiri amagwera, asanakhudze n'komwe dothi. Mitu ya ku Ulaya amaikumba mu Juni ndi Julayi, n'kuigulitsa kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, chifukwa kumeneko chisanu chimayamba nthawi imeneyo. M'bale wanu wa ku London kapena ku Dublin akakutumizirani mu Okutobala, imafika kuno dzuwa lili pamutu. Mukaiika m'firiji nthawi yomweyo, idzakhala yokonzeka mu Januwale, pakati pa mvula ndi kutentha. Mukati muisunge mpaka Juni, idzakhala itafota kapena itamerera m'thumba. Njira zonse ziwiri n'zotaya.

Imene ikutiyenera ndi mitu yolimidwa kumwera kwa dziko lapansi, kumene nyengo zimayenda limodzi ndi zathu: South Africa, New Zealand, Chile. Yapafupi ndi ya ku South Africa, kumene kampani monga Hadeco imagulitsa mitu ya maluwa a nyengo yozizira chilimwe chawo chikamatha. Yambani kufunsa mu Febuluwale, kuti pofika kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo ikhale ili m'manja mwanu. Funsaninso ngati wogulitsa anaiziziritsa kale. Ngati anatero, ntchito yanu yachepa: ingoisungani m'firiji mpaka tsiku lobzala.

Musalowetse mitu m'dziko mobisa m'chikwama cha zovala. Chomera chilichonse chochokera kunja chimafuna chilolezo cha boma ndi chikalata chosonyeza kuti chilibe matenda. Ife sitipita kutali: ku Bvumbwe Research Station kuli akatswiri oona za chitetezo cha mbewu, ndipo ndi kumene mungafunse ndondomeko musanaitanitse. Aliyense amene anaona mmene matenda a chisaka anathera nthochi za ku Thyolo safunika kumuuza kawiri chifukwa chake lamuloli lilipo. Chanzeru n'kusonkhana anthu angapo, mwina a kumpingo kapena a kuntchito, n'kuitanitsa pamodzi.

Posankha, tengani mitu ikuluikulu. Pa paketi amalemba nambala monga 12/+ kapena 11/12, kutanthauza masentimita ozungulira mutu. Ya 12/+ ndiyo yabwino. Igwireni: ikhale yolimba ndi yolemera. Khungu long'ambika pang'ono si vuto. Wofewa, wopepuka, kapena wonunkha zowawasa, usiyeni.

Chachiwiri: milungu ya m'firiji

Ikani mitu m'thumba la pepala lakhaki kapena m'kathumba ka ukonde kaja amagulitsiramo malalanje. Jumbo yomanga ayi, imasunga chinyezi n'kuoletsa. Thumbalo likhale m'kabati ka pansi ka ndiwo zamasamba, osakhudza khoma la kumbuyo kumene kumaundana madzi. Mufiriza musaikemo ngakhale usiku umodzi. Mutu ukaundana wafa. Kuzizira koyenera ndi madigiri 4 mpaka 9, komwe mafiriji ambiri a m'nyumba amakhala kale.

Milungu ingati? Yabwino ndi 10 mpaka 12. Mukaika pa 20 Malichi, milungu 12 ikwana pa 12 Juni. Mukaika pa 1 Epulo, milungu 10 ikwana pa 10 Juni. Ngati mitu yafika mochedwa kumapeto kwa Epulo, ipatseni milungu 8 n'kubzala cha pa 20 Juni. Phesi lidzafupikirapo koma duwa lidzatuluka. Lembani tsiku pa thumba, chifukwa mutu wa munthu umaiwala.

Tsono mdani wamkulu m'firiji ndi zipatso. Chipatso chikamapsa chimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene, ndipo mpweya umenewu umapha kaduwa kali m'kati mwa mutu. Kunja mutu umaoneka bwinobwino, umamera masamba okongola, koma duwa osatuluka, kapena kutuluka kanthu kouma koyera. Mapeyala, maapozi, nthochi, tomato ndi mapapaya ndi amene amatulutsa wambiri, ndipo Epulo ndi Meyi mapeyala kuno amakhala mbwee. Muyenera kugwirizana ndi a m'nyumba mwanu kuti milungu imeneyi zipatso zikhale kunja kwa firiji. Walira mvula walira matope. Ngati kugwirizanako kwakanika, firiji ya zakumwa zokhazokha, monga ya pagolosale ya mnzanu, ndi yabwino koposa, bola asamaizimitse usiku uliwonse populumutsa mayunitsi.

Magetsi akazima maola angapo musade nkhawa. Osatsegulatsegula chitseko, ndipo muzisunga mabotolo awiri a madzi oundana oti muike m'kabati ka pamwamba pake. Akazima masiku awiri kapena atatu, onjezerani masiku omwewo kumapeto.

Pa thumba lembaninso ndi zilembo zikuluzikulu kuti OSADYA. Izi si nthabwala. Mutu wosendeka khungu ukhoza kulowa mumphika wa ndiwo mwangozi, ndipo uli ndi poizoni wotsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Kwa agalu ndi amphaka ndi woopsa kwambiri. N'zoona kuti anthu a ku Netherlands anadya mitu ya tulip pa njala ya m'nyengo ya nkhondo, mu 1944 ndi 1945, koma kunali kusowa pogwira. Uzani ana ndi aliyense wophika pakhomo. Ena khungu la m'zala limayabwa ndi kung'ambika akagwira mitu yambiri, choncho valani magolovesi kapena sambani m'manja mukatha.

Kamodzi pa mlungu tsegulani thumba. Chuku chochepa chobiriwira pa khungu pukutani ndi kansalu kouma. Mutu umene wafewa tayani msanga, chifukwa mutu woola nawonso umatulutsa mpweya uja n'kuwononga anzake.

Chachitatu: dothi ndi malo

Konzani mu Meyi, mitu ikadali m'firiji. Dothi lathu lofiira limene tiyi amakondwa nalo lili ndi asidi wambiri, ndiponso limagwirana likanyowa. Tulip amafuna losiyana: lopanda asidi wambiri, cha pa pH 6 mpaka 7, ndi lotaya madzi msanga.

Ine ndimalimbikitsa miphika kuposa bedi, pa chifukwa chimodzi chachikulu: mphika umanyamulika. Mumausuntha kuthawa dzuwa, kuthawa mvula, kuthawa nkhuku. Mphika wadothi woumba ndi wabwino kuposa chidebe chapulasitiki, chifukwa umatuluka thukuta n'kuziziritsa mizu, pomwe pulasitiki wakuda amatentha. Uzani woumba akupangireni wakuya ndi wotambalala masentimita 25 mpaka 30, aboole mabowo atatu kapena anayi pansi usanawotchedwe. Sakanizani magawo awiri a dothi lakuda la pamwamba, gawo limodzi la mchenga wa kumtsinje wokhakhala, ndi gawo limodzi la kompositi wopsa bwino. Pa ndowa iliyonse ya dothi losakanizalo thirani dzanja limodzi la phulusa la nkhuni kapena theka la dzanja la laimu wa kumunda. Manyowa aawisi a nkhuku kapena a ng'ombe asayandikire. Amaotcha mizu ndi kuoletsa mutu.

Ngati mwasankha bedi, likwezeni masentimita 20 kuti madzi asadikhe, thiranimo mchenga wambiri, ndipo laimu, dzanja limodzi pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi, alowe mwezi wathunthu musanabzale. Pamalo pamene munali tomato kapena mbatatesi zodwala chaka chatha pasiyeni. Mfuko ndi mbewa zimadya mitu ya tulip, ndiye yalani waya wa mabowo ang'onoang'ono pansi ndi m'mbali mwa bedi musanabwezere dothi. Okhala m'mphepete mwa phiri, kumene apusi amatsikira m'makomo, aikenso waya pamwamba.

Feteleza safunika wambiri, pakuti chakudya cha duwa la chaka chino chili kale m'mutu. Kasupuni kamodzi ka D Compound pa mphika, kosakaniza ndi dothi la pansi, n'kokwanira. Yureya musathire, amangofewetsa masamba n'kuitana matenda.

Mwina wina aganiza kuti bwanji osakabzala pamwamba pa phiri, ku Lichenya kapena ku Chambe, kumene mu Juni udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Kumeneko ndi nkhalango yotetezedwa, ndipo anthu akuvutika kale kuzula paini ndi zomera zina zachilendo zimene zinalowerera. Tisawonjezere.

Chachinayi: kubzala

Nthawi yake ndi kuyambira kumayambiriro kwa Juni mpaka kumapeto kwake. Mlungu woyamba wa Julayi ndiwo malire. Mukapitirira apo maluwa adzakumana ndi kutentha kwa Sepitembala. Okhala kumunsi kofunda, monga ku Luchenza kapena ku Muloza, asachedwe n'komwe, abzale Juni akangoyamba.

Thirirani dothi dzulo lake kuti lizizire. Bzalani m'mamawa kapena madzulo, ndipo mutulutse m'firiji mitu yokhayo imene mubzale nthawi yomweyo. Ikakhala padzuwa maola angapo, zina mwa zimene firiji inachita zimafafanizika.

Nsonga iyang'ane kumwamba. Dzenje likhale lakuya masentimita 15, kuti pamwamba pa mutu pakhale dothi la masentimita 10. Pansipo ndi pozizirirapo kuposa pamwamba. Pa bedi siyani masentimita 10 pakati pa mutu ndi unzake, ndipo bzalani m'magulu a mitu 10 kapena 15, osati mzere umodzi wautali, umene umaoneka wosauka. Mumphika wa masentimita 30 mumalowa mitu 7 mpaka 9, yoyandikana koma yosakhudzana. Mukauyang'anitsitsa mutu muona kuti mbali imodzi ndi yophwatalala. Mbali imeneyo iyang'ane khoma la mphika, chifukwa tsamba loyamba lalikulu limatulukira komweko n'kugwera kunja, maluwa n'kukhala pakati. Ngati khungu la pansi, potulukira mizu, ndi lolimba kwambiri, lisendeni pang'ono ndi chala mosamala osakanda mnofu.

Kwirirani, thirirani mpaka madzi atuluke pansi, kenako phimbirani ndi udzu wouma wopanda njere. Pamene pali chiswe chambiri, phimbirani mopyapyala ndipo muziyang'anamo.

Ngati mitu ndi yambiri, bzalani theka lero, theka lina pakatha milungu iwiri. Duwa la tulip silikhalitsa, ndiye mukatero pakhonde pamakhala maluwa nthawi yotalikirapo.

Chachisanu: milungu ya kudikira

Milungu iwiri yoyamba mutu umafunika kuzika mizu usanathamangire kumera, ndipo umazika bwino pozizira. Mu Juni dzuwa limadutsa chakumpoto, choncho mbali ya kumwera kwa nyumba imakhala mumthunzi pafupifupi tsiku lonse. Miphika ikhale kumeneko. Nsonga zikatuluka, kawirikawiri pakatha milungu iwiri kapena itatu, isamutsireni kum'mawa kwa nyumba kumene ilandire dzuwa la m'mawa mpaka cha m'ma 11 koloko, masana n'kukhala mumthunzi. Mabuku a ku Ulaya amati tulip amafuna dzuwa la tsiku lonse. Dzuwa lawo si lathu.

Kuthirira: pisani chala m'dothi. Ngati pauma mpaka pa mfundo yachiwiri ya chala, thirirani mokwanira. Ngati pali chinyezi, dikirani. Mphika wadothi umauma msanga, makamaka mphepo ya mu Ogasiti ikayamba, ndipo mizu ya tulip ikauma kamodzi siphukanso. Thirani m'mawa, pa dothi, osati pa masamba.

Chiperoni chili ndi mbali ziwiri. Kuzizira kwake tulip amakukonda, koma chinyezi chokhala pa masamba usana ndi usiku chimabweretsa matenda a Botrytis. Zizindikiro zake ndi masamba opiringizika ongotuluka kumene, timadontho tofiirira tooneka ngati topsa ndi moto, kenako chuku chotuwa. Mvula yowaza ikayamba, lowetsani miphika pakhonde podutsa mphepo, italikirane. Chomera chimene chagwidwa chizuleni ndi mutu wake womwe n'kuchiwotcha, osachitaya pa kompositi, ndipo dothi limenelo musabzalemonso tulip kwa zaka zitatu. Amene ali ndi bedi losasunthika akhoza kupopera Dithane, yemwe uja alimi a tomato amagwiritsa ntchito, motsatira muyezo wolembedwa pa paketi. Amateteza chabe, sachiza chomera chodwala kale.

Nsabwe za m'masamba muziziyang'ana kunsi kwa tsamba ndi pa khosi pa duwa. Zikakhala zochepa zifinyeni ndi zala kapena zitsukeni ndi madzi a sopo pang'ono. Nkhono zimabwera usiku. Tochi ndi ndowa zimathana nazo.

Chachisanu ndi chimodzi: maluwa

Kuchokera tsiku lobzala, yembekezerani milungu 6 mpaka 8. Obzala pa 10 Juni amaona maluwa kumapeto kwa Julayi kapena kumayambiriro kwa Ogasiti. Duwa limatseguka kukafunda, n'kutsekanso madzulo kapena kukachita mitambo. Si matenda, ndi khalidwe lake. Pozizira limakhala mlungu umodzi kapena iwiri, koma padzuwa la masana limayoyoka m'masiku ochepa, choncho likangoonetsa mtundu wake mphika upite pamthunzi wowala.

Zikalakwika, chomera chimanena chokha chimene chinachitika. Duwa lomasulira pansi penipeni, pakati pa masamba, ndiye kuti milungu ya m'firiji inachepa. Masamba abwino opanda duwa, kapena kaduwa kouma, ndiye kuti munali zipatso m'firiji kapena mitu inatenthedwa pa ulendo. Tsamba limodzi lokha lalikulu, mutu unali waung'ono. Osamera n'komwe, fukulani muone: mupeza waola ndi madzi kapena mbewa zinadya.

Ofuna maluwa a m'nyumba kapena a kutchalitchi adule m'mamawa, duwa litaonetsa mtundu koma lisanatseguke. Ikani m'madzi oyera ozizira, muzisintha tsiku ndi tsiku, kutali ndi dzuwa ndi mbale ya zipatso. Phesi limapitiriza kutalika lili m'madzi momwemo ndipo limapindikira kumene kuli kuwala, ndiye muzitembenuza botolo. Amatha masiku 5 mpaka 7.

Maluwa akatha

Apa ndinene mosabisa: mitundu ikuluikulu ija, kuno muitenge ngati mbewu ya chaka chimodzi. Mutu umene munabzala umatha wonse popanga duwa, ndipo m'malo mwake mumabadwa ana. Kuti mwana akule kufika pa msinkhu womasula, masamba ayenera kukhala obiriwira milungu isanu ndi umodzi kapena kuposa, pa nyengo yozizira. Kuno Sepitembala amawaumitsa ntchito isanathe, ndiye ana amatuluka ang'onoang'ono.

Wofuna kuyesa ayese, makamaka ndi Darwin Hybrid ndi mitundu yakutchire ija. Duwa likayoyoka thyolani kamutu ka njere kokha, phesi ndi masamba musiye. Thirani kasupuni ka D Compound, ikani mphika pamalo ozizira koposa pakhomo, ndipo pitirizani kuthirira mpaka masamba achite chikasu okha. Kenako lekani madzi, fukulani mitu, iumitseni pamthunzi mlungu umodzi, sasani dothi. Pa mitundu ikuluikulu, sungani yokhayo yoposa masentimita 10 kuzungulira. Ing'onoing'ono idzangopereka masamba. Ipachikeni m'kathumba ka ukonde m'chipinda chouma chodutsa mphepo, kumene makoswe safika, ndipo muziyang'ana mwezi ndi mwezi m'dzinja monse, chifukwa chinyezi cha Januwale ndi Febuluwale chimaoletsa yambiri. Yotsalayo ibwerere m'firiji pa 20 Malichi. M'dothi musaisiye; mvula yoyamba ikagwa pa nthaka yotentha, yatha.

Kwa amene firiji palibe, kapena amene aona kuti ndalama yogula mitu chaka ndi chaka ndi yambiri, pali maluwa a mitu amene nyengo yathu imawayanja popanda chithandizo. Amaryllis amamasula maluwa akuluakulu ofiira dzuwa likayamba kutentha ndipo amaswana okha mumphika. Gladiolus ali ndi abale ake omera okha m'tchire la kuno. Agapanthus ndi arum lily woyera amachita bwino m'malo achinyezi a m'mphepete mwa minda ya tiyi, ndipo mbewu yake mukhoza kupempha kwa mnansi amene akugawa tchire lake. Mtengo uja wa maluwa ofiira a m'misewu ya m'tauni, umene ena amautchula African tulip, ndi Spathodea, ndipo palibe ubale uliwonse ndi tulip. Nazale ikakugulitsani mbande yake, dziwani kuti mwagula mtengo wotalika kuposa nyumba, ndipo muubzale kutali ndi khoma.